Majini odumpha: mmene amasinthira tizilombo ndi mmene asayansi amawagwiritsira ntchito

Majini odumpha ndi tizidutswa ta DNA timene timatha kuchoka pamalo pake m'selo ndi kukakhazikika pamalo pena. Akatswiri a sayansi amawatcha ma transposon. Amapezeka pafupifupi m'chamoyo chilichonse, mwa munthu, m'chimanga, m'nsomba mpaka m'mabakiteriya, koma zambiri zimene zikudziwika za iwo zidachokera pa kafukufuku wa tizilombo touluka ndi tokwawa: ntchentche, udzudzu, agulugufe ausiku, mbozi ndi dzombe. Kwa anthu a kwa Mfumu Kuntumanji, kuzambwe kwa nyanja ya Chilwa m'boma la Zomba, tizilombo timeneti si tachilendo. Ndi tomwe timawapatsa malungo, timawathera chimanga m'munda, ndipo zaka zina timabuka m'zigwa za m'mbali mwa nyanjayo.

Majiniwa amakhudza dera lotere m'njira ziwiri. Mwachilengedwe, ndi amodzi mwa zinthu zimene zimathandiza tizilombo kupima mankhwala ophera. M'manja mwa asayansi, ndiwo adakhala chida choyamba cholowetsera jini lachilendo m'thupi la kachilombo, ndipo udzudzu woyamba wosinthidwa chibadwa umene udamwazidwa mu Africa udapangidwa ndi chida chimenechi.

Mmene amadumphira

Dzinalo lingasokoneze. Majini awa si mizimu ija ena amati imagwira munthu mpaka kumufunira sing'anga. Mawu awiriwa adangofanana pakamwa. Jini ndi chigawo cha malangizo a chibadwa amene mwana amalandira kwa makolo ake. Malangizowo adalembedwa mu DNA, ulusi wautali wopindidwa mkati mwa selo, ndi zilembo zinayi zokha: A, T, G ndi C. DNA ya munthu ili ndi zilembo pafupifupi 3 biliyoni. Ya udzudzu wa Anopheles gambiae, imene idawerengedwa mu 2002, ili ndi zilembo pafupifupi 278 miliyoni.

Majini ambiri amakhala pamalo amodzi mibadwo ndi mibadwo. Odumphawa ali m'magulu awiri. A gulu loyamba amazulidwa pamene adali ndi kukaikidwa pena, monga mlimi wa mpunga azula mbande panazale n'kukaiwokera m'munda. A gulu lachiwiri sachoka pamalo pake. Amangotulutsa kope lawo kudzera mu RNA, kopelo n'kukakhazikika kwina, monga phesi la chinangwa limene likadzalidwa limakhala mtengo watsopano pamene tsinde lakale likadalipo. A gulu lachiwiriwa ndiwo amachulukana mofulumira.

Amene adasanduka chida ndi a gulu loyamba, ndipo chifukwa chake chili m'kapangidwe kawo. Kumapeto konse kuwiri kwa jini lotere kuli zilembo zochepa zofanana, zoyang'anizana, zimene zili ngati chizindikiro pa thumba. Pakati pali malangizo opangira puloteni yotchedwa transposase. Puloteniyo imazindikira zizindikiro ziwirizo, imadula DNA pamenepo, n'kunyamula chidutswacho kukachisokerera pena. Siisamala zimene zili pakati. Ili ngati mwini bwato amene amangoona dzina pa thumba n'kuliwolotsa, osamasula kuti aone ngati muli mpunga kapena matemba. Munthu akachotsa za pakatizo n'kuikamo jini limene akufuna, transposase imalinyamula chimodzimodzi.

Kudumpha kuli ndi zotsatira. Jini lodumpha likatera pakati pa jini lina limaliwononga. Likatera pafupi ndi jini lina lingalichititse kugwira ntchito mopitirira muyeso. Nthawi zambiri limatera pamalo popanda kanthu ndipo palibe chimene chimasintha.

Zidadziwika ndi chimanga

Woyamba kuzindikira kuti majini ena amasuntha adali mayi wa ku America, Barbara McClintock, amene ankafufuza za chimanga ku Cold Spring Harbor m'chigawo cha New York m'zaka za m'ma 1940. Iye adafuna kudziwa chifukwa chake njere imodzi imakhala ndi timadontho kapena timizere tofiirira. Njere za mitundu yosiyana pa chitsononkho chimodzi, monga zimaonekera pa chimanga cha makolo, kawirikawiri zimachokera ku mungu wa mapesi osiyana. Koma madontho pa njere imodzimodziyo ndi nkhani ina. McClintock adaonetsa kuti kachidutswa kena kamakhala mkati mwa jini lopanga mtundu n'kulizimitsa. Njere ikamakula, kachidutswako kakadumpha m'selo ina, mtundu umabwerera m'seloyo ndi mwa ana ake onse. Kakadumpha msanga dontho limakula, kakachedwa dontho limachepa. Anzake adachedwa kumumvetsa, ndipo mphoto ya Nobel adailandira mu 1983 ali ndi zaka 81.

Pamene makina owerenga DNA adabwera, zidaoneka kuti majiniwa ndi zotsalira zake ndi ochuluka modabwitsa. M'chimanga amatenga magawo pafupifupi 85 pa 100 alionse a DNA, mwa munthu pafupifupi 45. Mu udzudzu wa Aedes aegypti amatenga pafupifupi theka, pamene mu Anopheles gambiae ndi ochepera gawo limodzi mwa magawo asanu. Ambiri mwa iwo adafa kale. Adaonongeka ndipo sangathenso kudumpha.

Dzombe ndilo lidasenza katundu wolemera kwambiri. Zigwa za Chilwa ndi amodzi mwa malo odziwika kumene dzombe lofiira limaswana, ndipo zimayang'aniridwa ndi bungwe la maiko a m'chigawo chino la IRLCO-CSA, lomwe likulu lake lili ku Ndola m'dziko la Zambia. Mu 2014 asayansi a ku China adawerenga DNA ya mbale wake wa dzombeli, Locusta migratoria, ndipo adapeza zilembo pafupifupi 6.5 biliyoni, kuposa kawiri za munthu. Magawo pafupifupi 60 pa 100 adali zidutswa zobwerezabwereza, zambiri mwa izo majini odumpha.

Kantchentche ndi jini la P

Kachilombo kamene kadatsegula njira ndi kantchentche kakang'ono ka maso ofiira kamene kamazungulira pa mango akupsa, nthochi zovunda ndi masese a mowa. Dzina lake la sayansi ndi Drosophila melanogaster. Kakhala kakuwetedwa m'mabotolo m'malabotale a ku America ndi ku Ulaya kwa zaka zoposa 100, koma kwawo kwenikweni ndi kuno kumwera kwa Africa. Kafukufuku wa mu 2012 adapeza kuti tintchentche ta ku Siavonga, m'mbali mwa nyanja ya Kariba ku Zambia, ndi tomwe tili ndi chibadwa chosiyanasiyana koposa, chizindikiro chakuti mtunduwo udayambira cha kumeneko. Mu 2018 ena adatipeza m'nkhalango za Matobo ku Zimbabwe, tikudya ndi kuswana pa zipatso za mfula.

M'zaka za m'ma 1970 asayansi adaona chinthu chozunguza mutu. Akatenga kamphongo kogwidwa kutchire n'kukakweretsa ndi kakakazi ka mtundu wakale wa m'labotale, ana ambiri ankabadwa osabereka, ena ndi zilema zachilendo m'chibadwa. Akatembenuza, kakakazi kakutchire ndi kamphongo ka m'labotale, ana ankakhala abwinobwino. Margaret Kidwell, James Kidwell ndi John Sved adalongosola vutoli mu 1977. Patapita zaka zochepa gwero lake lidadziwika: jini lodumpha la zilembo 2,907, limene lidatchedwa P element.

Tintchentche takutchire tidali nalo jinilo, koma mitundu imene idatsekeredwa m'mabotolo chisanafike chaka cha 1950 idalibe. Tanthauzo lake n'lakuti P lidalowa mu mtunduwu chaposachedwa ndi kufalikira dziko lonse m'zaka makumi ochepa. Lidachokera kwa kantchentche ka mtundu wina ka ku America, Drosophila willistoni, kamene sikakwerana ndi melanogaster. P wa mitundu iwiriyi amasiyana pa chilembo chimodzi chokha. Jini lidawoloka malire a mtundu, chinthu chimene ambiri ankachiyesa chosatheka.

Kusiyana kwa mphongo ndi mkazi kuja kudamveka pambuyo pake. Mayi amene ali ndi P amaika m'dzira tizidutswa ta RNA, totchedwa piRNA, timene timazindikira jinilo ndi kuliletsa kudumpha. Dzira la mayi amene sadakumanepo ndi P lilibe chitetezo chimenechi. P lochokera kwa bambo likalowamo limadumpha mosaletseka m'maselo obereketsa n'kuwang'amba. Patapita mibadwo ingapo mtunduwo umapanga chitetezo chake ndipo kudumphako kumazilala. Mfundo imeneyi idzakhala yofunika pa nkhani ya udzudzu.

Kusanduka chida

Mu 1982 Gerald Rubin ndi Allan Spradling, a ku Carnegie Institution mumzinda wa Baltimore, adaika jini lotchedwa rosy pakati pa mapeto awiri a P n'kubaya DNA imeneyo m'mazira a tintchentche timene tidali ndi maso oderapo chifukwa chosowa jinilo. Zidzukulu zina zidatuluka ndi maso ofiira bwino, ndipo mtunduwo udapitirira m'mibadwo yotsatira. Aka kadali koyamba kuti jini liikidwe mwadala m'kachilombo n'kukhazikika.

Njira yake sidasinthe kwenikweni mpaka lero. Pamakonzedwa zidutswa ziwiri za DNA. Choyamba chili ndi mapeto awiri aja, ndipo pakati pake pali jini lofunikalo pamodzi ndi jini la chizindikiro. Chachiwiri chimapanga transposase koma chilibe mapeto athunthu, choncho sichingadzilowetse chokha. Zonse ziwiri zimabayidwa ndi kasingano kagalasi m'dzira limene langoikiridwa kumene, kumbali imene kudzamera maselo obereketsa. Transposase imanyamula chidutswa choyamba kuchisokerera mu DNA ya dziralo, kenaka chidutswa chachiwiri chija chimatha chokha, ndipo jini latsopano limatsala pamene laikidwa. Mazira ambiri amafa ndi singano. Otsalawo amaleredwa, amakweretsedwa, ndipo ana awo amaunikidwa mmodzimmodzi. Chizindikiro chofala masiku ano ndi puloteni yowala mobiriwira, yochokera ku kanyama ka m'nyanja yamchere kotchedwa jellyfish, kapena yowala mofiira. Mphutsi imene maso ake akuwala pa nyali yapadera ndiyo yalandira jinilo. Pamafunika kubaya mazira mazanamazana kuti papezeke mabanja ochepa otere.

Pa Drosophila chidachi chidabala zipatso zambiri. Polola P kutera mwachisawawa ndi kuona chimene chaonongeka, asayansi adadziwa ntchito za majini zikwizikwi, ambiri mwa iwo ofanana ndi a munthu. Mitundu zikwi makumi angapo ya tintchentche tosinthidwa imasungidwa ku Bloomington m'chigawo cha Indiana ndi kutumizidwa kwa ofufuza pa dziko lonse.

Pa udzudzu P lidakana. Kwa zaka zoposa khumi akatswiri adayesa koma osaphula kanthu, chifukwa jinili limadalira mapuloteni a Drosophila ndi abale ake apafupi. Padafunika kufunafuna majini ena odumpha amene sasankha mwini. Minos, lochokera kwa Drosophila hydei ndipo lidapezeka ndi gulu la Charalambos Savakis pa chilumba cha Crete, lidagwira ntchito pa ntchentche yoononga zipatso ya Ceratitis capitata mu 1995. Mu 1998 udzudzu wa Aedes aegypti udasinthidwa ndi Hermes, jini la ntchentche ya m'nyumba, komanso ndi mariner. Mu 2000 Flaminia Catteruccia ndi anzake a gulu la Andrea Crisanti ku Imperial College mumzinda wa London adagwiritsa ntchito Minos pa Anopheles stephensi, udzudzu woyamba wofalitsa malungo kusinthidwa chibadwa. Chaka chotsatira Anopheles gambiae, mliri wa mu Africa, udasinthidwa ndi piggyBac.

PiggyBac ndilo lidapambana onse. Malcolm Fraser, amene ntchito yake yambiri adaigwirira ku yunivesite ya Notre Dame, adalipeza m'zaka za m'ma 1980 m'maselo a mbozi yodya kabichi ya Trichoplusia ni. Jinilo lidadumpha kuchoka mu DNA ya mboziyo kulowa m'kachirombo ka baculovirus kamene kadagwira maselowo, ndipo dzina lake limanena za kuberekedwa kumsana ngati mwana. Limatera pamene pali zilembo TTAA pokha, likachoka silisiya chipsera, limanyamula katundu wamkulu, ndipo limagwira ntchito mu udzudzu, agulugufe, zikumbu, ngakhalenso m'maselo a munthu. Mu 2002 gulu la Marcelo Jacobs-Lorena lidaligwiritsa ntchito kuika mu Anopheles stephensi jini lotseka njira imene tizilombo ta malungo timadzera m'matumbo a udzudzu. Kuyesako kudachitika ndi malungo a mbewa, koma kudaonetsa kuti udzudzu wosafalitsa bwino malungo ungapangidwe.

Kupima mankhwala

Pamene asayansi ankaphunzira kuweta majini odumpha, majiniwo ankapitiriza ntchito yawo kutchire. Chitsanzo chotchuka ndi gulugufe wausiku wa ku England, amene adasanduka wakuda pamene utsi wa mafakitale udadetsa makungwa a mitengo. Wakuda woyamba adalembedwa ku Manchester mu 1848. Mu 2016 ofufuza a ku yunivesite ya Liverpool adapeza kuti chidayambitsa ndi jini lodumpha limene lidatera mkati mwa jini lotchedwa cortex cha m'ma 1819.

Chofunika kwambiri kwa mlimi ndi kwa mayi wolera mwana ndi kupima mankhwala. Tizilombo tili ndi maenzaimu a gulu la P450 amene amaphwanya poizoni m'thupi. Jini lodumpha likatera kutsogolo kwa jini la enzaimu yotere, lingathe kulichititsa kupanga enzaimu yochuluka, ndipo kachilomboko kamaphwanya mankhwala asanakaphe. Ana ake ndiwo amatsala pamene anzawo afa. Mu 2002 zidadziwika kuti Drosophila idapima DDT pa dziko lonse chifukwa cha jini lodumpha la Accord pafupi ndi jini la Cyp6g1. Mu mbozi zina za thonje ku America, jini lodumpha lidathyola jini la puloteni ya m'matumbo imene poizoni wa Bt amagwirapo, mbozizo n'kuleka kufa naye m'labotale. Nkhani imeneyi ndi yoyenera kuitsatira m'Malawi muno, popeza thonje la Bt, limene lidayamba kuyesedwa ku Bunda mu 2013, tsopano lili m'minda ya alimi.

Udzudzu umene umafalitsa kwambiri malungo m'Malawi ndi Anopheles funestus ndi Anopheles arabiensis, ndipo dera la Kuntumanji lili ndi malo oyenera mitundu yonse iwiri. Funestus umakonda madzi okhalitsa a udzu ndi mthunzi, monga madambo a njedza ozungulira Chilwa ndi kumene mitsinje ngati Domasi imathera. Arabiensis umaswana m'zithaphwi zoombedwa ndi dzuwa ndi m'minda ya mpunga wongowokeredwa. Motero mvula ikatha udzudzu sutheratu. Asodzi amene amagona m'zimbowela pakati pa njedza amakhala pa khomo penipeni pa udzudzuwo.

Chitetezo chachikulu cha mabanja ndi neti yonyikidwa m'mankhwala a gulu la pyrethroid. Mu 2010 zidalengezedwa kuti funestus wa pa chilumba cha Likoma wapima mankhwalawa, ndipo posakhalitsa zomwezo zidapezeka ku Chikwawa ndi madera ena. Gulu la Charles Wondji, wa ku Liverpool School of Tropical Medicine ndi bungwe la CRID ku Yaoundé m'dziko la Cameroon, lidaonetsa kuti gwero lake ndi majini awiri a P450 otchedwa CYP6P9a ndi CYP6P9b, amene akugwira ntchito mopitirira muyeso. Mu 2020 gululi lidalongosola chidutswa cha zilembo pafupifupi 6,500 chimene chidalowa pakati pa majini awiriwa, chimene chimawonjezera mphamvu yawo ndipo chafala m'Malawi ndi ku Mozambique. Mu funestus wa ku Uganda ndi ku Cameroon, pafupi ndi malo omwewo a DNA, mudapezeka chidutswa china cha zilembo pafupifupi 4,300 chimene mkati mwake muli jini lodumpha, ndipo chidafalikira m'zaka zochepa chabe. Mu Anopheles gambiae wa ku Uganda ndi Kenya, jini lodumpha lotchedwa ZZB lili m'gulu la masinthidwe atatu amene amayendera limodzi mu udzudzu wopima pyrethroid.

Kudziwa zimenezi kuli ndi phindu looneka. Chidutswa chikadziwika, akatswiri atha kugwira udzudzu m'nyumba, kuupima DNA ndi kudziwa kuchuluka kwa wopima mankhwala m'dera popanda kudikira kuti zipatala zidzaze. N'chifukwa chakenso kuyambira mu 2018 boma lidayamba kugawa m'maboma ena maneti okhala ndi mankhwala owonjezera a PBO, amene amamanga maenzaimu a P450 kuti pyrethroid agwirenso ntchito. Maneti ena atsopano ali ndi chlorfenapyr, mankhwala amene amasanduka poizoni akakumana ndi maenzaimu omwewo. Zonsezi zimadalira kuti netiyo ikhale pa mphasa, ndipo ku Chilwa, monga ku nyanja zina, maneti ena amathera m'madzi kukokera matemba.

Tizilombo tosinthidwa kunja kwa labotale

Kampani ya Oxitec ya ku Britain idagwiritsa ntchito piggyBac kupanga Aedes aegypti wotchedwa OX513A. Udzudzu wa mtundu uwu sufalitsa malungo. Umafalitsa dengue, chikungunya ndi Zika. Jini loikidwamo limapha mphutsi pokhapokha m'madzi mukhale mankhwala a tetracycline, amene amaperekedwa pouweta. Amamwaza wamphongo, umene suluma, kuti ukakwerane ndi waukazi wakutchire, ana n'kufa asanakule. Udamwazidwa koyamba ku zilumba za Cayman mu 2009, kenaka ku Malaysia ndi ku Brazil. Chiwerengero cha udzudzu chidatsika m'malo oyeserawo, koma kumwazako kukaleka chimabwereranso. Mu 2019 kafukufuku wa ku Jacobina ku Brazil adapeza zidutswa za chibadwa cha udzudzu wowetedwawo mu udzudzu wakutchire, ngakhale jini loikidwalo silidapezeke. Lipotilo lidautsa mkangano waukulu, koma lidakumbutsa kuti ana ena ochepa amapulumuka.

Kampani yomweyo idapanga ntchemberezandonda zosinthidwa, zimene ana ake aakazi amafa, ndipo boma la Brazil lidaziloleza mu 2021. Mboziyi ndi yomwe idafika mu Africa mu 2016 kuchokera ku America, n'kuchititsa Pulezidenti Peter Mutharika kulengeza mu Disembala 2017 kuti maboma 20 mwa 28 agwa m'ngozi.

Mu Africa kumwaza koyamba kudachitika pa 1 Julayi 2019 m'mudzi wa Bana, pafupi ndi Bobo-Dioulasso ku Burkina Faso. Bungwe la Target Malaria, mogwirizana ndi ofufuza a dzikolo motsogozedwa ndi Abdoulaye Diabaté, lidamwaza udzudzu wamphongo wosabereka pafupifupi 6,400. Cholinga sichidali kuchepetsa malungo. Chidali kuphunzira mmene udzudzu wotere umakhalira kutchire ndi mmene anthu ndi malamulo angaulandirire. Zidapezeka kuti umafa msanga ndipo suuluka patali poyerekeza ndi unzake wosasinthidwa. Mu Ogasiti 2025 boma la Burkina Faso lidaimitsa ntchito zonse za bungweli m'dzikomo. Ku Djibouti, Oxitec idayamba kumwaza Anopheles stephensi wosinthidwa mu Meyi 2024, polimbana ndi udzudzu wa ku Asia umenewu umene wazika mizu m'mizinda ya kumeneko.

Malire a chidachi

Chofooka chachikulu cha jini lodumpha n'chakuti wolitumiza sasankha pamene litere. Lingagwere mkati mwa jini lofunika n'kufooketsa kachilomboko, kapena pamalo pamene jini loikidwalo silingagwire ntchito bwino. Palinso nkhawa yakuti transposase ya jini lina lofanana nalo, limene lili kale m'kachilomboko, ingalisunthenso, ndipo n'chifukwa chake akatswiri ena amachotsa mapeto aja ntchito ikatha.

Mu 1992 Margaret Kidwell ndi José Ribeiro adafunsa ngati jini lodumpha lingasenze jini loletsa malungo n'kulifalitsa lokha mu udzudzu wonse wakutchire, monga P lidafalikira mu Drosophila. Ganizolo silidatheke. Majini amene amalowa bwino mu udzudzu ambiri sadumphanso mokwanira akalowamo, podumpha amataya katundu amene asenza, ndipo chitetezo cha piRNA chimawatontholetsa. Loto lomwelo lidadzatengedwa ndi chida china, CRISPR, chimene Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier adalongosola mu 2012, chomwe chimadula DNA pamalo osankhidwa. Mu 2018 gulu la Crisanti lidaonetsa kuti jini lodzifalitsa lokha lopangidwa ndi CRISPR lidatha Anopheles gambiae yense m'makola a m'labotale m'mibadwo 7 mpaka 11. Udzudzu wa jini lodzifalitsa chotere sunamwazidwe kutchire kulikonse. Ku Tanzania, ofufuza a Ifakara Health Institute ku Bagamoyo akupanga okha udzudzu wosinthidwa m'labotale yawo pokonzekera kuyesa njira yoletsa malungo kukula mu udzudzu. Chodabwitsa n'chakuti mapuloteni odulira a CRISPR nawonso, malinga ndi kafukufuku, adachokera kwa majini odumpha a m'mabakiteriya. Ngakhale lero piggyBac likugwirabe ntchito tsiku ndi tsiku, pakati pa zina polowetsa puloteni ya Cas9 yomweyo m'mitundu ya tizilombo ya m'labotale.

Kwa dera ngati la Kuntumanji pali vuto lina lapadera. Ntchito yambiri yachitika pa Anopheles gambiae ndi abale ake apafupi, koma funestus, umene umaluma ngakhale m'chilimwe, ndi wovuta kuweta chifukwa sukwerana bwino m'makola. Mitundu iwiri yodziwika ya m'labotale, FUMOZ wochokera kumwera kwa Mozambique ndi FANG wa ku Angola, idakhazikitsidwa ku Johannesburg, ndipo funestus woyamba kuikidwa jini lachilendo adalengezedwa mu 2021 ndi ofufuza a ku Liverpool, zaka 20 pambuyo pa gambiae. Njira imene ingathe mtundu umodzi wa udzudzu ingasiye malungo akuyendabe ndi mtundu winawo.

M'Malawi simunamwazidwepo tizilombo tosinthidwa chibadwa. Wofuna kutero angayenere kudzera m'lamulo la Biosafety Act la 2002 ndi ndondomeko zake za 2007, zomwe zidagwiritsidwa ntchito poyesa thonje la Bt ndi khobwe ku Bunda. Lamulolo lidabwera m'chaka cha njala, pamene mkangano udali pa chimanga chosinthidwa cha thandizo, chimene Malawi adachilandira pokhapokha chitagayidwa kuti chisadzalidwe. Chimanga chimakhala pamene chadzalidwa, ndipo munda woyesera ungatchingidwe ndi mpanda. Nyanja ya Chilwa, imene idalembedwa m'kaundula wa madambo otetezedwa wa Ramsar, gombe lake lakuvuma lili pa malire ndi Mozambique, choncho pansi pa mgwirizano wa Cartagena, umene maiko onse awiri ali mamembala ake, kumwaza kulikonse kumene kungawoloke malirewo kungafune kuti boma la ku Maputo lidziwitsidwe.